Khobidi Lobooka la Pansi pa Mtengo wa Maapozi

Saluzzo, Italy
19 Okutobala

Okondedwa achemwali anga a Viorica,

Landirani moni wanga, inu pamodzi ndi alamu anga a Costel ndi ana. Muli bwanji kumeneko? Msana uja unaleka, kapena mukungolimbikira osauza munthu monga mwa khalidwe lanu? Nanga bambo adzuka bwanji? Yankho lake ndikulidziwa, koma mtima sukulola kuti ndisafunse. Ine kuno ndili bwino, thupi lokha.

Musadabwe kulandira kalata yapamanja ngati tili m'masiku a agogo. Pa foni sindingathe. Khoma la chipinda cha bambo mukulidziwa kupyapyala kwake, ndipo munthu amene wakalamba akumvetsera zitsulo zili pansi pa nthaka, kunong'ona kwa ana ake sikungamuphonye. Kalatayi pamodzi ndi katoni ndapatsira Marcel wa minibasi, afika kumeneko Loweruka. M'katonimo muli khofi wanu, mafuta ophikira, nsapato za Ilinca ndi mabatire. Pansi penipeni pali kansalu komanga mfundo. Kameneko musakamasule musanamalize kuwerenga.

Za kuno ndi zomwe zija. Maapozi tatsala pang'ono kumaliza kuthyola, ndiye abwana ayamba kale kutiyang'ana ngati alendo ochedwa kutsanzika. Ine anandilonjeza ntchito yodulira mitengo mpaka Febuluwale, koma za imeneyo ndinena kumapeto. M'chipinda tilimo atatu. Mnzathu wa ku Bacău amaliza mkonono ngati thalakitala yokwera phiri, chitofu nacho chikungofuka utsi. Dzino lija anandizula. Basi, izi si nkhani.

Nkhani ndi ya bambo. Chindiuzireni kuti anapachika m'khola makina awo ofufuzira zitsulo n'kukagona choyang'ana kukhoma, chakudya sichikundilowa. Masabata asanu tsopano! Makina omwe aja mayi ankati ndi chibwenzi cha bambo, poti ankawapukuta kuposa mmene ankadzipukutira okha. Adokotala ananena mosabisa, inu muli pomwepo, kuti mwendo wakumanzere umene unafooka ndi matenda aja ukufuna kuyendetsedwa tsiku ndi tsiku, ndipo akaugoneka nyengo yonse yachisanu sadzaimanso. Ndikuchita mantha, achemwali, mantha enieni.

Alamu andiuza kuti mukudziimba mlandu, mukuti mwina simunakwirire bwino. Iyayi, lekani zimenezo. Nzeru yopusa ija inali yanga. Ndine ndinaona kuti munda wathu wa kuseri kwa tchalitchi watha, bambo akungotolamo misomali ndi zitsekerero za mabotolo, ndipo chimwalirire mayi palibenso china chowatulutsa panja. Ndine ndinati tiziwakwiririra timakobidi takale kuti azikhala ndi chodzukira. Ndine ndinakwera sitima kupita ku msika wa zinthu zakale ku Torino, ndipo ndinasankha ndi dzanja langali. Inu munangomvera mlongo wanu, n'kulawirira kumunda ndi kampeni ka kukhitchini.

Chimene ndinaiwala ndi chomwe anandiphunzitsa iwo omwe, kuti dothi lathu limadya mkuwa. Khobidi logona m'munda mwathu limatuluka lokhakhala ngati chidendene cha m'busa. Ine ndinatumiza osalala, oti agona m'kabati ya Mtaliyana zaka zana. Loyamba mwina anangokayika, lachiwiri anadziwa, lachitatu ndi lija anayala onse patebulo pamaso panu. Pa foni anangondifunsa kuti kodi ndayamba liti kuwaona ngati kamwana kotonthozedwa ndi switi. Anati kukalamba akalamba, inde, koma uchitsiru sanaufike, n'kukubwezerani foni. Chiyambire tsiku limenelo sanandilankhulenso.

Nanenso makina anga ndinatsala pang'ono kuwagulitsa. Mukudziwa kuti Lamulungu lililonse ndimayenda ndi mkulu uja Ermanno, amene anapuma ntchito ya njanji. Minda imene eni ake amatilola ndi itatu yokha, ndipo taisefa ngati ufa. Miyezi iwiri yathunthu tikungokumba waya, misomali ya akavalo ndi tizitsulo totsegulira zitini za mowa. Ermanno safooka. Lero amati tiyende chopingasa, mawa amati tibwere mvula itagwa, mkuja amati tikumbe ngakhale chitsulo cholira moipa, poti chabwino chimakonda kubisala pansi pa msomali. Ndi zomwe zija ankanena bambo, kuti munda sutha, chimatha ndi khutu la munthu. Langa linali litatha ndithu.

Lamulungu lapitali tinakhala m'mphepete mwa ngalande tikudya buledi ndi tchizi, ine n'kumuuza kuti ndasiya. Anandiseka, akuti ife a ku Romania timayamba kulira maliro wodwala akadali kumwa supu. Kenaka anandifunsa chimene chinandilowetsa m'misala imeneyi poyamba. Ndiye ndinatulutsa khobidi langa lija lasiliva, limene lakhala m'chikwama mwanga zaka khumi ndi zitatu, n'kumufotokozera.

Inu nthawi imeneyo munali ku Cluj, ndiye zambiri munangomva. Chinali chaka chimene mtengo unagwera Horia, mnzanga wa paubwana, ine ndili ndi makina ochekera m'manja. Aliyense anati si mlandu wanga, ngakhale amayi ake a Horia, koma ine ndinagona miyezi inayi choyang'ana kukhoma monga achitira bambo leromu. Wansembe anabwera, analephera. Mayi analira mpaka maso anatupa. Tsiku lina, chisanu chitangosungunuka, bambo analowa n'kundivundukula bulangeti. Anati phewa lawavuta, ndidzuke ndikawanyamulire makina awo ofufuzira zitsulo, ndipo ngati ndi kulira ndikalirire kumunda poti misozi yanga ikuwoletsa matiresi. Ndinapita nditatupa ndi mkwiyo.

Titafika pa mtengo wakale wa maapozi uja wa kumalire, anandiveka zomvera m'makutu, ati tayesako iwe, ine ndiyambe ndasuta. Sindinayende mapazi khumi, makina analira kulira koyera kumene ndinali ndisanamvepo. Ndinagwada, ndinafukula, ndipo nalo khobidi lasiliva, nkhope ya mfumukazi ya ku Austria ikundiyang'ana m'dothi.

Achemwali, mukanawaona bambo tsiku limenelo! Anamenyetsa chipewa pansi, anatukwana mpaka agalu a kwa wansembe anayamba kuuwa. Akuti zaka zisanu akupondaponda pamenepo osatola kanthu, lero kape wongodzuka kumene wawalanda siliva pakhomo pawo. Anandithamangitsa ndi fosholo kuzungulira mtengo, phewa lija litachira mwadzidzidzi. Ndinaseka, koyamba chimwalirire Horia. Nditati tikalionetse ku ofesi monga likunenera lamulo, anati lobooka chotere salifuna, ndingoliika m'thumba. M'mawa mwake ndinadzuka ndekha, ndine ndinawadikira pakhomo.

Ermanno anamvetsera zonsezi mpaka kumapeto. Kenaka anatulutsa kagalasi kake n'kuliyang'ana khobidilo uku ndi uku, nthawi yaitali. Anandifunsa kuti kabowo ka m'mphepeteko ndimati kanabwera bwanji. Ndinati akale ankaboola, zimenezo adziwa ndi mwana yemwe. Iye anati inde ankaboola, koma ndione mmene mkati mwake mwasalalira, ulusi wadya pamenepo zaka zambirimbiri, pomwe dothi silinalumepo ngakhale pang'ono. Anati siliva wogona m'nthaka amada, koma ili ngati linagonamo ndi tsiku limodzi, ndipo linachoka pakhosi pa mkazi. Ndinapsa mtima, ndinamuuza kuti maso ake anatsala ku njanji. Iye anangondidulira tchizi.

Nditafika kuchipinda ndinatsegula chithunzi cha ukwati wa makolo athu chimene munanditumizira pa foni. Mkanda wa makobidi uja mayi anasiyiridwa ndi amayi awo uli pakhosi pa mayi wathunthu. Tsopano inu katseguleni bokosi limene mukusungamo mkandawo, muyang'ane chakumanzere. Mupeza mpata womangidwa ndi ulusi wofiira. Mayi ankati limodzi linagwa akuvina pa ukwati wa kwa azakhali a Paraschiva, ife n'kukhulupirira. Mayi athu omwe aja, oti mkandawo sankalola ngakhale inu kuugwira musanasambe m'manja! Analidula okha, achemwali. Ndipo ndakumbukira chinanso. M'mawa uja bambo akundivundukula bulangeti, nsapato zawo zinali kale ndi matope.

Ndinakhala pabedi n'kulira ngati mwana, mpaka wa ku Bacău anazimitsa wailesi n'kutuluka. Zaka zonsezi ndakhala ndikudzitama pa mowa kuti ndili ndi dzanja lamwayi, osadziwa kuti mwayiwo anachita kundidulira pakhosi. Mayi apita nacho kumanda chinsinsi chawo, ine osawathokoza ngakhale kamodzi. Pa maliro pomwe ndinafika atatseka kale bokosi. Madzi akatayika saoleka, ndikudziwa, koma zikundiwawa kwambiri.

Ndazindikiranso chimene chawapweteka bambo. Si bodzalo ayi, poti mwini wake wa bodza limeneli ndi iwo. Iwo anapereka chinthu cha pakhosi pa mkazi wawo, anadzuka okha kukakumba, anaimirira pambali panga kundiona ndikugwada. Ine ndinagula zotchipa pamsika n'kutuma inu, mwini ndili kutali ndikuthyola maapozi a anthu. Akanapanda kukwiya ndikanadabwa.

Pempho langa ndi limodzi. M'kansalu muja muli khobidi lomwelo. Mukalikwirire pa mtengo wa maapozi uja, mbali yoyang'ana kutchalitchi, mapazi khumi kuchoka pa tsinde. Musazike, kuya kwa chikhatho kwakwana, poti bambo sangathenso kuponda fosholo. Pamwamba musalaze bwino kuti alifunefune ndithu. Chonde musadikire kuti ndifike, nthaka iuma gwa ndi chisanu posachedwa, ndipo mwendo uja sabata iliyonse ukubwerera m'mbuyo.

Ulendo uno musabise kanthu. Matope a ku nsapato zanu musapukute, mulowe nawo m'chipinda mwawo ngakhale adetse kapeti ya mayi. Makina mukawatsitse m'khola, muikemo mabatire atsopanowo, muwatsamiritse pa bedi. Kenaka muwauze mawu awa okha, osaonjezera: Sabin akuti phewa lamuvuta, akupempha mukamuyendereko pa mtengo wa maapozi. Amva, musadandaule. Akayamba kutukwana, dziwani kuti zayenda. Alamu awagwire mkono potsika pa mlatho paja, koma makina asawagwirire, angawamenye nawo. Akalipeza, kulisunga kapena kulibwezera pa mkanda zili kwa iwo.

Akakana musawakakamize, ndipo khobidilo musalifukule, lisiyeni ligone. Ntchito yodulira mitengo ija ndaikana dzulo. Abwana anandifunsa ngati mutu wanga ukuyenda bwino, ine ndinati mwina ayi. Tikangomaliza maapozi ndibwera ndi Marcel, chapakati pa Novembala. Kwathu ntchito kulibe, ndikudziwa, ndipo chimene ndimakutumizirani mwezi ndi mwezi chiyamba chaima. Mundikhululukire inu ndi alamu. Ndidzakhala pa kampando ka pakhomo pa chipinda chawo, kaya andilankhule kaya asandilankhule. Iwo anandidikira miyezi inayi, inenso kudikira sindingalephere.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Costel, ndikuwathokoza chifukwa cha nkhuni ndi zonse akuchita m'malo mwanga. Moni kwa Ilinca, nsapato zikakula aike thonje, ndi kwa Matei, asamavute agogo ake ndi phokoso la mpira. Moni kwa azakhali a Paraschiva, koma za mkandazi asamve, angalengeze ndi belu la tchalitchi. Mukaonana ndi amayi ake a Horia muwauze kuti sindinawaiwale. Mukapita kumanda mukayatse kandulo pa mayi m'dzina langa, ndipo muwauze kuti ndadziwa.

Bambo okha musawapatse moni wanga. Wawo uli m'nthaka, akautenge okha.

Ndine mlongo wanu wokukumbukirani tsiku lililonse,

Sabin