Amuna Khumi a Kadishi ya Mayi

Lachitatu, 14 Januwale

Chikwama ndalongedza, ndamasula, ndalongedzanso. Mawa ndikupitadi ku msonkhano wa kumapiri uja. Zaka zitatu ndakhala ndikulembetsa dzina n'kubwerera m'mbuyo tsiku lonyamuka. Ayuda okhaokha, onse onga ine: amuna okonda amuna anzawo, akazi okonda akazi anzawo, ndi ena otero. Kupemphera, kudya, kucheza, basi. Koma mtima suli m'malo.

Chovuta n'chakuti Kadishi ya Mayi ikutha Lamlungu. Miyezi khumi ndi umodzi ndakhala ndikuwanenera pemphero la olirali osajomba ngakhale tsiku limodzi, ndipo silinenedwa popanda amuna khumi. Ndaimbira a Rabi Dalia, rabi wamkazi amene akuyendetsa msonkhanowo. Akuti kuli kagulu kamene kamapemphera mwachikale, amuna okhaokha, ndipo kamakwana. Ndati, nthawi zonse? Akuti, "Kawirikawiri." Yankho limenelo silinandikhazike mtima pansi.

Mlongo wanga Fraydi waimba madzulo. "Iwe Nochum, kwatsala masiku ochepa chabe, ukulephera kukhala pansi ku Brooklyn konkuno? Mayi anabereka mwana wamwamuna mmodzi. Ine sindingawanenere." Akudziwa kumene ndikupita koma sakutchula, amangoti "kwa anthu ako aja." Pomaliza wati, "Osati zija zowerengera akazi ndi kuimba magitala." Ndamulonjeza.

Lachinayi, 15 Januwale

Ya lero ndanena ku sunagoge wathu ndisanakwere basi.

Kuno kukuzizira kwabasi. Andiika chipinda chimodzi ndi a Murray, nkhalamba yamakani, yabwera ndi botolo lake la nsomba zoviika m'viniga ndipo yaliika pawindo ngati maluwa. Itaona chipewa changa chakuda yati, "Kalanga ine, andigoneka ndi rabi. Mphwanga, udziwiretu, ine pa Sabata ndimayatsa nyali ndiponso ndimaliza mkonono."

Titadya tinakhala mozungulira, aliyense anene chimene wabwera kudzafuna. Wina mtendere, wina kukhululukira bambo ake, wina sakudziwa. Itafika nthawi yanga ndinangoti, "Amuna khumi." Chipinda chonse chinafa ndi kuseka. A Murray ati, "Dyera ilo. Ine mmodzi yekha andikwanira." Ndinaseka nawo, makutu akutentha.

Podalitsa chakudya amuna awiri anagwirana manja pamwamba pa tebulo, poyera, onse atavala tizisoti tawo. Ndinalephera kuchotsa maso. Ndinachita nsanje, ndisaname.

Lachisanu, 16 Januwale, m'mawa

Takwana. Tapempherera m'kachipinda ka mabuku, kununkha chinyontho. Ndinawerenga anthuwo ndekha monga timachitira, osati ndi manambala, koma ndi vesi lija la mawu khumi, liwu limodzi munthu mmodzi. Liwu lomaliza linagwera pa mwamuna wa ndevu zazifupi amene analowa akupukuta magalasi. Dzina lake Lev, wa ku Baltimore, amakonza mapiyano.

Amapemphera ngati kwathu kwenikweni, mwachangu koma osameza mawu. Ameni wake ndi wolimba. Anaona kuti tefilini, kabokosi ka mavesi kamene timamanga ndi zingwe popemphera, kapendekeka pachipumi panga, anangotambasula dzanja n'kukawongola, monga ankachitira Bambo. Pambuyo pake tinamwa tiyi. Anandifunsa za Mayi, ndinalankhula mpaka tiyi anazizira.

Ali ndi manja okongola. Ndalemba, sindifufuta.

Lachisanu lomwelo, dzuwa lisanalowe

Ndilembe msanga makandulo a Sabata asanayatsidwe, poti pa Sabata sitilemba.

Masana kunali nthawi yoti anthu afotokoze mbiri zawo. Lev anaimirira. Akuti anabadwa mtsikana, anakulira ku sukulu ya atsikana, anamukwatitsa ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, mapemphero onsewa anawaphunzira ali kuseri kwa nsalu, kumbali ya akazi, pomvetsera azichimwene ake. Zaka zambiri tsopano akukhala monga mwamuna. Zikuoneka kuti onse ankadziwa kupatula ine. Anthu anapukuta misozi. Nanenso inalengeza, koma m'mutu ndinali nditayamba kale kuwerenga. Asanu ndi anayi. Ndiye Kadishi ya m'mawa ija?

Ndinathamangira kwa a Murray kuti andiperekeze pagalimoto yawo ku sunagoge wa ku tawuni. Msewu watsekedwa, chipale chofewa chagwa usiku wonse. Ndinayamba kusakasaka mwamuna wina pakati pa a magitala aja. Ndinapeza wina dzina lake Craig akudzitambasula pamphasa. Kwathu Chiyuda chimachokera kwa mayi, ndiye ndinayamba ndafunsa.

"Pepani, mayi anu ndi Myuda?"

"Kwambiri. Amandikumbutsa tsiku lililonse."

Sadziwa ngakhale chilembo chimodzi cha Chihebri, buku analigwira chozondoka, koma ndinamukokera ku pemphero la masana. Ndinawerenganso. Maso atafika pa Lev ndinadumpha, liwu lake ndinapatsa munthu wotsatira. Ndimati palibe waona, koma milomo yanga imagwedera ndikamawerenga, Mayi ankandiseka nazo.

Lev anaona. Anapemphera mpaka kumapeto, anayankha ameni pa Kadishi yanga, anabweza buku pamalo pake n'kutuluka.

Akuitana. Cholembera pansi.

Loweruka, 17 Januwale, Sabata itatuluka

Sabata yaitali ngati imeneyi sindinaionepo. Dzanja limayabwa kufuna cholembera.

Lev sanabwere ku kachipinda kathu, dzulo madzulo ngakhale m'mawa. Anakapemphera ndi a magitala. Ndinamva mawu ake kudzera m'khoma. Ife tinakwana ndi Craig, amene anakhala pakona akuyasamula ndi kufunsa kuti zitha nthawi yanji. Kadishi ndinanena. Malinga ndi lamulo zonse zili m'malo. Nanga bwanji ndikungoyendayenda m'chipinda muno ngati nkhuku yofuna kuikira?

Pa chakudya cha masana Lev anandipatsira buledi wa Sabata. "Sabata yabwino, a Drucker." Dzulo ndinali Nochum, lero akunditchula dzina la makolo.

A Murray anandidikira mpaka titabwerera kuchipinda. Akuvula nsapato ati, "Mphwanga, ku sunagoge kwanu amakuitana kutsogolo kukadalitsa buku lopatulika la Tora?"

Ndinati ayi, chiyambire pamene anadziwa za ine.

"Koma akakhala asanu ndi anayi?"

"Amandiimbira foni."

"Ndiwe wophunzira wabwino," anatero, n'kugona chagada.

Ndinapsa mtima. Ndinati lamulo sindinalembe ndine, ndinalipeza. Ndinati nkhani si ya ine kapena Lev, ndi ya mzimu wa Mayi, ndipo sindingayesere zinthu pa mzimu wa Mayi. Ndinati munthu amene amayatsa nyali pa Sabata asandiphunzitse za Kadishi. Anali atatseka kale maso. Mwina anazimitsanso kachipangizo kawo ka m'khutu kothandiza kumva.

Ndinapita kwa a Rabi Dalia, ndinawapeza akusenda lalanje pakhonde, atafunda bulangete. Ndinawafunsa mosabisa: Lev amawerengedwa kapena ayi? Akuti alipo arabi amene amati inde, alipo ambiri amene amati ayi, ndipo wa kwanu mukudziwa kale chimene anganene. Ndinati, nanga inu? Akuti, "Ine ndimamuwerenga. Komanso ndimadziwerenga ndekha, ndiye mawu anga simungawatengere kwa mlongo wanu. Mukufuna ndikupatseni chilolezo choti mubisalemo. Ndilibe." Anandipatsa theka la lalanje.

Chimene chikundisautsa n'chakuti Lachisanu m'mawa, ndisanadziwe, sindinakayikepo. Ndinaona Myuda wamwamuna akupemphera bwino kundiposa. Tsopano ndikayang'ana nkhope yomweyo ndikufufuza zimene sindinazione. Ndikudzida chifukwa cha zimenezi, komabe maso sakuleka.

Nyenyezi zitangotuluka atsegula msewu. Craig wanyamuka nthawi yomweyo, akuti galu wake ali yekha. Pemphero la madzulo sitinakwane, Kadishi sindinanene. Tsiku lomaliza layamba choncho, poti kwathu tsiku limayamba dzuwa likalowa. Basi ya mawa ikafika ku Brooklyn dzuwa litalowa, ndiye mwayi watsala ndi wa m'mawa wokha.

A Murray aponya makiyi a galimoto yawo pabedi langa. "Ku tawuni amayamba molawirira. Amuna enieni okhaokha, a ndevu mpaka pamchombo. Usandigwetsere galimoto mu dzenje."

Fraydi watumiza uthenga: "Mawa lomaliza. Usawachititse manyazi."

Makiyi ali apa. Ndikuwayang'ana.

Lamlungu, 18 Januwale, m'basi

Zilembo zikhala zokhotakhota, msewu ndi wa mabampu.

Ndinadzuka kusanache bwinobwino. Ndinapala chisanu pagalasi la galimoto, ndinailiza, ndinakhala m'kati ikutentha. Tefilini pampando wa pambali. Ndinangofunika kuponda. Ndinaganiza za amuna a ku tawuni aja, momwe akandilandirire ndi manja awiri, mlendo wolira mayi ake, akandipatse malo kutsogolo, chifukwa sakundidziwa. Akanadziwa kumene ndagona? Ndinakhala ndithu, manja pachiwongolero, mpaka nditayang'ana wotchi ndinaona kuti ngakhale nditathamanga bwanji ndikapeza atamaliza.

Sindinganene kuti ndinaganiza n'kusankha. Ndinangochedwa dala. Mantha anandigwira pamene ndinazimitsa galimoto, chifukwa tsopano Lev akakana, tsiku lomaliza la Mayi lapita, ndipo wataya ndi ine.

Ndinagogoda pachitseko cha Lev. Anatsegula ali ndi mswachi m'kamwa. Anandiyang'ana, anakalavula, anabwerera.

"A Craig athawa?"

"Anapita dzulo."

"Ndiye mwakumbukira kuti kuli ine."

Ndinamuonetsa makiyi. Ndinati galimoto ndinali nayo, ku tawuni ayamba kale. Anayang'ana makiyi, anayang'ana ine.

"Ndinu wopusa, a Drucker."

"Eya."

"Mukuganiza kuti ndigwa m'manja mwanu chifukwa mwawotcha mafuta a a Murray pachabe? Ine si wogwirizira pakasowa munthu. Zimenezo ndinazisiya kalekale. Mukukhulupirira kuti ndimawerengedwa, kapena mwangosowa pogwira?"

Bodza linali pafupi, koma ndinati, "Sindikudziwa chimene lamulo likunena. Usiku wonse ndalimbana nalo. Chimene ndikudziwa n'chakuti Lachisanu m'mawa ndinanena Kadishi pakati pa amuna khumi, ndipo masana ndinakuchitani chipongwe."

Kuzizira kumalowa m'chipinda mwake.

"Ndikabwera," anatero, "muwerenge mokweza, onse amve. Ndipo muyambire ine. Sindikhala wachikhumi."

Anatseka chitseko. Sananene ngati abwera.

M'kachipinda muja tinali asanu ndi anayi, ena atavala kale makhoti a ulendo. Tinayamba mbali zimene sizifuna khumi. Ndimatembenukira kukhomo pafupipafupi mpaka a Murray anandigunda ndi chigongono. Wina anati, "Abale, basi sidikira." Pamenepo Lev analowa, tefilini atamanga kale, naima pakati penipeni pomwe sindikanatha kumulambalala.

Ndinawerenga mokweza. Liwu loyamba ndinalinena ndikumuyang'ana m'maso. Lomaliza linagwera pa ine mwini.

Kadishi ndainena kambirimbiri, koma lero pakati pake ndinalephera kupitiriza. Ndinaima. Palibe anandifulumizitsa. Nditapitiriza, ameni wake anamveka pamwamba pa onse, wouma, wopanda chisoni cha ine.

Titamaliza sanandigwire dzanja. Akukulunga zingwe anafunsa, "Mayi anu dzina lawo anali ndani?" Ndinati Baila. Analibwereza kamodzi chapansipansi n'kutuluka.

Tsopano ali pampando wa kutsogolo kwangaku, akakwera sitima ku New York. Ndikungoona kumbuyo kwa mutu wake. Chikwereni sitinalankhulane.

Fraydi waimba posachedwapa. Mawu ake amatuluka m'foni ngati wailesi, theka la basi linamva.

"Wanena?"

"Ndanena."

"Anakwana? Nochum, usandinamize, ndi Mayi awa. Amuna khumi?"

Mutu wa kutsogolo uja unasiya kugwedezeka.

"Amuna khumi, Fraydi. Ndawerenga ndekha."

Anayamba kulira, akuti Mayi apume tsopano, akuti ndibwere kudzadya mawa. Ndinati ndibwera. Nditadula foni sindinamve ngati ndanama.