Njere za Amayi Zidzalankhula Zokha

Manaus, 9 Novembala

Achimwene Josimar,

Ndikhulupirira muli bwino ku Maués. Nanga mwendo wa amayi udakatupabe? Ine ndili bwino, kungoti utsi wa mabasi wandipatsa chifuwa. Ntchito ndi yomwe ija yotsuka mabotolo ku labu yoyeza mbewu.

Mtima wanga sunakhale pansi chichokereni kumeneko. Bungwe la alimi litabweza matumba a amayi a njere za guarana zopangira chakumwa, mlamu wathu Valdeci, yemwe anawanyamula pa bwato lake, ananena pagulu kuti manja a amayi akalamba, sakuthanso kukazinga. Munthu wakazinga pa phale la dothi zaka makumi anayi! Ndipo mwandilembera kuti kuyambira tsiku limenelo sanayatsenso moto pansi pa phalelo.

Musaseke, ndinatapa njere zodzaza dzanja m'thumba lobwezedwalo. Ndinazipereka kwa Dona Jacira, amene amayeza mbewu kuno. Iwo akuti njere imasunga kwawo m'kati: dothi ndi mvula ya kumene inamera zimasintha kuwawa kwake ndi mphamvu ija yothamangitsa tulo. Ataziyeza anandifunsa kuti amayi anayamba liti kulima ku Bahia, dera lakutali lija. Theka la njerezo ndi za ku Bahia, zoumitsa padzuwa. Valdeci anazifukiza utsi kuti zinunkhe ngati zathu, poganiza kuti aliyense amayeza ndi mphuno. Zabwino za amayi anapita nazo kuti, adzanena yekha.

Ndikumuda munthu ameneyu, achimwene, sindibisa. Ndamva kuti akuyenda chotukumula pachifuwa, akufuna upampando wa bungwe. Musiyeni. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Tsiku losankhalo ndidzafika ndi pepala la ku labu, ndidzaliwerenga pang'onopang'ono pakhonde lomwe lija ananyozerapo amayi.

Pempho langa ndi limodzi. Dona Jacira akufuna njere zenizeni za m'munda mwathu kuti afanizire. Muwanyengerere amayi akazinge okha, ngakhale kapu imodzi, muwauze kuti ndalakalaka za kwathu. Musauze mchemwali wathu Rosilene, chifukwa pakamwa pake sipasunga kanthu kwa mwamuna wake Valdeci.

Moni kwa amayi, kwa alamu Dalva ndi ana, ndi kwa amalume Benedito. Rosilene mumupsompsone, iye sanalakwe.

Phukusilo mulisoke bwino, kenako mumupemphe Valdeci mwaulemu kuti abwere nalo yekha kuno. Paja amakonda kunyamula katundu wa amayi.

Ndine mlongo wanu,
Ivanilde