Njinga Yamoto Yatigwetsa Pachitunda

Lachiwiri, Okutobala 1959. Kwatentha.

Njinga yamoto yatigwetsa lero, ine ndi mkazi wanga Nabanda, pochokera kuchipatala ku Katete. Pachitunda inaphulika ngati mfuti, injini n'kuuma, gudumu lakumbuyo n'kukwekwereza. Nabanda, ndi pakati pake pa miyezi isanu ndi inayi, anagwera mumchenga. Anadzuka yekha, osalira.

Wolakwa ndine. Sabata yatha ndinaika paipi ya utsi yaikulu, n'kuchotsa sefa ya mpweya yodzaza fumbi, ati izithamanga.

Lole ya mtedza inatitula ku Sinda kwa a Tembo amakanika. Atamasula pulagi anandionetsa, yoyera ngati phulusa.

"Aphunzitsi, mwaikulitsa mphuno koma chakudya simunaionjezere. Mpweya wachuluka, petulo wachepa, injini yapsa. Pafunika jeti yaikulu yolowetsa petulo m'kabuleta, ndi pisitoni yatsopano."

Zimenezo n'za kutauni ku Fort Jameson, zifika sabata yamawa. Njinga yatsala kwa a Tembo, ife tabwerera kwathu. Kuchokera kumudzi kuno, kuchipatala ndi ulendo wa tsiku lathunthu pangolo.

Nabanda akuti msana ukuwawa, ndipo mwana sanagunde chigwere. Ndamuuza kuti wangogona.

Alamu avomera kundibwereka ng'ombe zokoka ngolo mawa, tibwerere kuchipatala. Koma ngati mwanayo...