Manja a Bulauzi ya Yunesi

Kumudzi, kufupi ndi Mkaika
Okutobala 1926

Okondedwa achimwene anga aAmosi,

Landirani moni wochokera kuno kwanu. Kaya muli bwanji ku Halaleko pamodzi ndi alamu ndi ana? Chifuwa chija chinakusiyani? Ife kuno Mulungu akutisunga, tikusosa m'minda podikira mvula. Bulauzi yoyera ya manja aatali imene ndinakupemphani inafika bwino, zikomo kwambiri.

Koma ukwati wa Yunesi ndi Davide sunachitike. Ndati mumve kwa ine mlongo wanu musanamve kwa anthu apanjira, chifukwa wolakwa ndine, ndipo dzina lanu ndalilowetsamo.

Pali nkhani imene ndinakubisirani. Chaka chatha Yunesi anatuluka mamba oyera m'zigongono, m'mawondo ndi kumsana, oyabwa koopsa. Mtima wanga unathamangira ku khate. Mukukumbukira azakhali athu aja, momwe anawamangira kakhumbi kunja kwa mudzi n'kumawatulira chakudya patali. Ine ndinati mwana wanga yekhayu ayi. Ndinamuveka malaya a malemu bambo ake, n'kupita naye ku chipatala cha mishoni mozemba, anthu ndikuwauza kuti tikukagulitsa mazira.

Dona wa kumeneko anamubaya ndi singano pamamba pomwepo. Yunesi anadumpha n'kukuwa, dona n'kuseka. Anati si khate, poti banga la khate silimva kupweteka. Anati nthendayi sapatsirana, imangopita n'kubweranso.

Anatipatsa mafuta achikasu m'kachitini. AZakeyo, amene amathandiza dona, anati dzina lake ndi kirisarobini, lilime langa mpaka lero limapunthwa. Anati ndi ufa wa mtengo wina wa kutsidya kwa nyanja, wosakaniza ndi mafuta. Anati tizipaka ndi nthenga pamamba pokhapokha, chifukwa pakhungu labwino amawotcha. Kumaso ayi, pafupi ndi maso ndiye ayi ndithu. Nsalu ikakhudza imathimbirira osachokanso, ndipo sopo kapena phulusa zimangowonjezera. Anabwereza mpaka ndinanyansidwa, ndinati kodi bambowa akundiyesa wogontha?

Mankhwalawo anagwira ntchito, achimwene. Mamba ambiri anayoyoka. Koma ine malaya aja sindinalole kuti avule, ngakhale kutentha kwa mwezi uno mukukudziwa. Ndi chifukwa chakenso ndinakuvutitsani za bulauzi ya manja aatali.

Kutatsala pang'ono kuti ukwati uchitike, amayi olangiza anabwera masana kudzamulanga mwana m'nyumba. Amake Davide analiponso. Mayi wina pofuna mkeka anagwetsa dengu langa, kachitini kaja n'kugubudukira pakati pa anthu. Anandifunsa kuti n'chiyani.

Apa ndi pamene ndinadzimangirira ndekha. Ndinati ndi mafuta odzola achizungu, anatumiza ndi aAmosi kuchokera ku Halale.

Amayi athu mukuwadziwa. Anayamba nthungululu, ati mkwatibwi adzole lero lomwe kuti pofika tsikulo khungu likhale litasalala. Anamupaka kumaso, m'khosi, ngakhale pazikope. Ndiye poti chakudya sichidyedwa ndi mmodzi, aliyense anatapako. Amake Davide monga mlendo wolemekezeka anawatapira chambiri, iwo n'kudzola mpaka kuseri kwa makutu.

Ine ndinali chiimire pakhomo. Yunesi sakanatha kuyankhula, wolangizidwa amangozyolika. Koma anadzutsa maso kamodzi n'kundiyang'ana, kudikira kuti amayi ake anene. Mawu a aZakeyo onse ndinkawamva m'mutu. Ndinayang'ana amake Davide, ndinaganiza za kakhumbi ka azakhali, n'kutseka pakamwa. Mumtima ndinati mwina kamodzi kokha sawotcha. Anthu atabalalika ndinamusambitsa msangamsanga ndi sopo, kuiwala kuti ndikuwonjezera.

Kutacha, mudzi unadzuka ndi maliro opanda mtembo. Amayi onse aja nkhope zotupa, maso ofiira akungotuluka misozi, khungu lasanduka ngati nthudza zakupsa. Amake Davide anachapa mpango wawo woyera wa kutchalitchi ndi phulusa, mpango n'kuderatu. Yunesi maso ake anatsekeka onse awiri, osaona ngakhale dzanja lake.

Pofika masana nkhani inali itamera miyendo. Ankati aAmosi atumiza mankhwala oipa kuchokera ku Halale kuti aphe ukwati. Ena ankati mwakhwimira ntchito pa mwana wa mlongo wanu. Inu amene munadzimana kuti mumugulire chovala! Pamenepo ndinalephera kupirira. Ndinagwada pabwalo pamaso pa ankhoswe a mbali zonse n'kuulula zonse. Akulu anati wobisa matenda maliro amamuulula, ine andiulula ndi nkhope za anzanga.

AZakeyo anabwera n'kutsuka anthu m'maso ndi madzi owiritsa. Sanandikalipire. Anangondifunsa pamaso pa onse ngati pali mawu amene iwo anaiwala kundiuza. Ndinati palibe. Bola akanandimenya.

Amayi aja akuchira, khungu likusupuka, ena ayamba kale kusekana. Ine sandiseka, ndikafika pachitsime nkhani imaduka. Yunesi maso anatseguka, tithokoze Mulungu, koma lakumanzere likadali kulira akakhala padzuwa.

Davide anabwera yekha. Yunesi anapinda malaya n'kumuonetsa zigongono, ine ndisanamuuze. Mnyamatayo anayang'ana, anafunsa ngati zimapweteka, ndipo sanasunthe pamene anakhala. Koma amalume ake akana. Ati za mamba aZakeyo awafotokozera ndipo amva. Chimene chawaopsa ndi mtundu umene mayi amaonerera mwana wake akupsa, iye ali duu. Ati mwana wawo sangakakhale mkamwini pakhomo lotero, pokhapokha mwini mbumba abwere adzayankhule yekha.

Ndiye ndikukugwadirani, achimwene. Pemphani tchuthi kwa bwana wanu, mubwere mitsinje isanadzaze. Musadzandiikire kumbuyo, ine zanga ndazivomera. Mudzangowauza kuti Yunesi si ine Rabecca. Ngati afuna kuti akamange nyumba yawo kutali ndi ine, muvomere, ndidzazolowera.

Masiku ano Yunesi salola kuti ndimupake. Amakhala pakhonde masana, nthenga m'manja, kachitini pambali, odutsa akuona. Sanandinyoze ngakhale liwu limodzi.

Dzulo ndinamupeza ndi bulauzi yanu ija akusomola ulusi wa m'mapewa. Ndinati mwanawe ukuwononga chinthu cha amalume ako. Anati sakuwononga, adzaivala choncho, kaya ndi kutchalitchi ndi Davide kaya ndi kumunda. Atamaliza anapinda manja awiri aja bwinobwino n'kundiika pamiyendo. Anati ndisunge ndine, poti amene ndinkawafuna ndine.

Ndawasunga m'dengu muja munkakhala kachitini.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, ndi onse akwathu amene muli nawo kumeneko. Ambuye akuyendetseni bwino panjira yobwera.

Ndine mlongo wanu wamanyazi,
Rabecca