Kwathu kwa Lettie

Lufita, Chitipa
Juni 1994

Achimwene a Clifford,

Ndikhulupirira nonse muli bwino ku Thyolo. Kuno tilipo, ngakhale mphepo yochokera ku Mafinga yafika ndi ukali.

Chithere chisankho, kumsika akundiyang'ana mwachilendo. Mayi amene ndagulitsa naye nyemba zaka zonsezi anandifunsa m'Chitumbuka kuti, "Kasi mwavotera ŵakwinu ŵakumwera?" Ndinangoseka. Chonsecho amalonda a ku Tanzania akawoloka Songwe amati afika kumwera, ndiye sindidziwa kuti kumpoto kumayambira pati.

Ndinauza mwana wanga Lettie kuti tibwerere kwathu, poti bambo ake anatisiya. Iye anati, "Amama, kwathu n'kuti? Ku Thyolo ankandiseka kuti ndimalankhula ngati Mtumbuka. Manda a adada ali pano."

Koma ine ndimalotabe minda ya tiyi, malemu amayi akundiitana ndi dzina langa la paubwana.

Adokotala akuti ndipitenso kuchipatala, koma zimenezo tidzakambirana pamaso. Mukapeza mpata bwerani, musachedwe. Mudzandiuze ngati pambali pa amayi padakali malo.

Ndine mlongo wanu wokusowani,
Edith