Khutu la Amayi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Nsanama tilipo, koma amayi chizungulire chija sichinathe.

Lolemba anagwa ndi ndowa pamjigo, ndiye ndinapita nawo kuchipatala ku Liwonde. Adokotala anati vuto lili mu labirinti. Ndinachita manyazi kufunsa, mpaka anamwino ena anaona nkhope yanga. Anandiuza kuti ndi mawu a Chingelezi, otanthauza malo a tinjira tokhotakhota momwe munthu amasocheramo. Anati mkati mwa khutu mulinso tinjira totero, ngati ta chiswe m'chulu. Ta amayi takumanzere tawonongeka, ndipo khutulo silidzamvanso.

Pobwerera mu minibasi amayi anandifunsa, "Ndiye mawu a mwana wanga amangosochera m'menemo?"

Achimwene, mukamaimba foni n'kumamva akuti "eya, eya," dziwani kuti sakukumvani. Amangoopa kukudandaulitsani. Chonde muziyankhula pang'onopang'ono, ine ndiziwagwirira foni kukhutu lakumanja. Ngati abwana anu angalole, mubwere pa Khirisimasi, adzamve mawu anu muli pafupi, khutu linalo likumvabe.

Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Esinati