Makina ovundikira nsalu pakona

Lachinayi madzulo. Lero landilemera, thupi lonse likuphwanya.

M'mawa adokotala anatiuza anamwinofe kuti makina othandiza ana kupuma, aja a botolo lochita thovu, tiyambe tawasiya. Akuti amadya ndalama zambiri, komanso ngati palibe namwino wokhala pambali pa mwana nthawi zonse, saposa mpweya wa timapaipi ta m'mphuno. M'wodi yonse timakhalamo awiri basi. Ndinangovomera.

Masana abambo ena a kabaza ochokera kwa Kamwendo anabwera ndi mwana wawo Tadala, chibayo chitamugwira, nthiti zikuchita kulowa m'kati. Ndinamuika pa timapaipi. Ataona makinawo pakona, atavundikiridwa nsalu, abambowo anandigwira mkono.

"Anesi, muikeni pa aakuluwo. Ngati ndi ndalama, njinga ndigulitsa lero lomwe."

Ndinawauza kuti nkhani si njinga yawo, ndife amene tachepa. Anangoti, "Chabwino, mayi," n'kukakhala pansi pakhonde. Ndikudziwa akuganiza kuti tawamana chifukwa ndi osauka.

Poweruka ndamusiya Tadala akupumabe mobanika. Sindikudziwa ngati mawa ndikalimbe mtima kuyang'ana pabedi pake.